Peji yopanda dzina yamuipitsira mbiri mwana wanga, asiye sukulu?

Mayi ena andilembera sabata yathayi, akuti mwana wawo wamkazi ali chaka chomaliza ku koleji, ndiye peji ina ya pa Facebook, zija zimati "tatumiziridwa ku inbox, admin bisani dzina", yaika chithunzi chake n'kulemba zoti magiredi amachita kugula ndi thupi kwa lekichala. Mtsikanayo sakudya, wangodzitsekera kuchipinda, akuti mkalasi sapondamonso olo zivute maka, komanso akuopa kuti pokafuna ntchito mabwana adzaziona. Akufunsa kuti akawayankhe anthuwo pompo kapena angomusintha sukulu.

Pepani mayi, zowawa zimenezi. Koma chonde foni ikani pansi kaye, musayankhe, ndipo muwauzenso azakhali ake ndi amalume ake aja otentha magazi kuti asayerekeze. Positi ikamakanganiridwa Facebook imaikankhira kwa anthu ochuluka, ndiye inu mukuganiza kuti mukumuteteza mwana pomwe mukungosonkhezera moto, admin uko akuseka manambala akukwera.

Musanapange report, jambulani screenshot zonse, positi, tsiku, dzina la peji, zomwe anthu alemba pansi pake, mukopenso link ya positiyo ndi ya peji chifukwa anthuwa amasintha dzina usiku umodzi wokha. Mukapulinte ndithu pa stationery muike mu envulopu, foni imabedwa. Mukatero mpamene anzake adine timadontho titatu tija ta pa positiyo n'kusankha zoti akuzunzidwa. Nthawi zina amakubwezerani kuti sanaone cholakwika, ine ndimakaikira kuti n'chifukwa choti zalembedwa mChichewa, inu bwerezaninso basi.

Tsopano chithunzicho chiyang'anitsitseni. Anachijambula ndani, anachiika pati? Ngati chinangokhala pa status ya WhatsApp ndiye wotumizayo nambala ya mwana wanu ali nayo, kawirikawiri amakhala wa kuhositelo komweko, chibwenzi chakale, kaya mnzake amene anayambana naye pa nkhani ya gulu la asayimenti. Mukamuganizira munthu dzinalo kanenani kupolisi osati pa intaneti, mukalakwitsa woipitsa mbiri mukhala inuyo.

Kupolisi pitani ndi envulopu ija, yambirani ku Victim Support Unit. Lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, gawo 87 limakamba za kusowetsa munthu mtendere mwadala mobwerezabwereza pa foni kapena intaneti, chilango chake K1,000,000 ndi miyezi 12 kundende. Ena akuuzani kuti nkhani zoipitsa mbiri zinatha mu 2025, ayi, chomwe khoti linathetsa ndi gawo 200 la Penal Code loti munthu amangidwe chifukwa choipitsa mbiri, koma kumusumira kuti alipire chipukuta misozi kulipobe, bola akhale wodziwika. Ngati ya loya palibe kafunseni ku Legal Aid Bureau. Sindikunamizani kuti zimayenda msanga, kupeza admin wobisala ndi ntchito. Komatu ena amadziulula okha ndi dyera, amati tumizani kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money tichotse positi. Musatumize olo K500, mukalipira kamodzi abweranso, ingosungani nambalayo poti ma SIM pano amalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika.

China, mukhale naye pansi awiriwiri mumufunse mofatsa ngati pali lekichala amene akumuvutitsadi. Sindikuti pejiyo ikunena zoona, koma atsikana ambiri amafa nazo mumtima, ndipo zikakhala choncho wolakwa ndi mphunzitsiyo osati mwana. Kaya zilipo kaya palibe, lembani kalata kwa dean of students, mutsale ndi kope lodindidwa. Makolo amene ana anu ndi a kusekondale, nambala yothandiza ana ya 116 ndi yaulere, imbani.

Za ntchitozo, pofunsira ntchito amafuna satifiketi, transcript ndi anthu omuchitira umboni. Ndiye pano apeze aphunzitsi awiri omudziwa bwino, mmodzi akhale amene akumuyang'anira pulojekiti, awafotokozere yekha nkhaniyi asanaimve kwina. Ku intaviyu asaiyambitse. Akafunsidwa angoti peji yopanda dzina inandinamizira, ndinakanena kupolisi ndi kusukulu, makalata ndi awa, basi osalira osatukwana.

Zosintha sukulu ine ndikukana. Chaka chomaliza si chosamukira, kwina akhoza kumubweza mmbuyo fizi n'kuyambiranso, ndipo Facebook ya ku Mzuzu ndi yomweyo ya ku Zomba. Iwe mtsikana ngati ukuwerenga, Lolemba upeze mnzako mmodzi wokhulupirika mulowe limodzi mkalasi mukhale kutsogolo. Akuyang'ana inde, ena anong'onezana, iwe tulutsa kope uzilemba manotsi. Facebook ichotse kaye mufoni mpaka mayeso athe, envulopu ija asunge ndi amayi ako.