Poyambira pokonza makina akale a Pac-Man

Mwafunsa kuti muyambire pati pa makina a masewera a pa kanema a Pac-Man amene mwagula, omwe akulira bwino koma chithunzi chake chikuzilala ndi kugwedera, komanso thabwa la pansi latupa ndi madzi. Popeza mawu akumveka, bolodi la zamagetsi loyendetsa masewerawo likugwira ntchito, choncho ndikukulangizani kuti muyambe ndi sikirini.

Kampani ya ku Japan ya Namco idatulutsa masewerawa mu 1980, ndipo makina ambiri amene kampani ya Midway idapanga ku America adali ndi sikirini za galasi zakale monga Electrohome G07. Patatha zaka zoposa 40, ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi) a m'kati mwa sikirinizo amauma, ndipo kuwasintha onse nthawi imodzi kawirikawiri kumabweza chithunzi chowala. Koma chenjerani kwambiri, chifukwa galasilo limasunga magetsi a mavoti masauzande ambiri ngakhale mutazimitsa makinawo, motero ngati simudachotsepo magetsi otere, ntchitoyo mupatse katswiri wokonza wailesi zakanema zakale. Musachotsenso isolation transformer (chipangizo cholekanitsa magetsi a sikirini ndi ochokera pakhoma), pakuti sikirini imeneyi imaifuna, ndipo kumbukirani kuti makina a ku America amayendera mavoti 120.

Mukatero muyang'ane polumikizira mawaya m'mphepete mwa bolodi, pomwe pa Pac-Man pamapsa kawirikawiri, pamodzi ndi zogwirira ma fuse zomwe zimachita dzimbiri.

Thabwa lotupalo mudule ndi kuikapo lina. Zojambula za m'mbali, ngati zangofwifwa, ine ndingazisiye, chifukwa okonda kusunga makina akale otere amalemekeza utoto woyambirira kuposa watsopano.