Chipere cha mphaka chagwira mwana, timutaye mphakayo?

Mayi wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare, wanditumizira imelo sabata yathayi. Akuti m'mwezi wa Januwale anatola kamwana ka mphaka pafupi ndi msika wa Mbare Musika, katanyowa ndi mvula, n'kupita nako kunyumba kuti kakakula kazidzagwira makoswe. Patangopita masabata awiri kanayamba kusosoka ubweya pamwamba pa diso ndi kukhutu. Pano mwana wawo wa zaka 6 watuluka kabwalo koyabwa pamkono ndi kena pakhosi. Apongozi awo akuti mphakayo akatayidwe kutali, pomwe a neba akuti angomupaka oyilo wakuda wa galimoto n'kumusambitsa ndi Dettol. Funso lawo n'lakuti: "Kodi ndimutaye, kapena pali chochita?"

Amayi, musamutaye. Koma tisanapite patali, botolo la Dettol ndi oyiloyo muziike pomwe mphaka sangafike. Mphaka amadzinyambita tsiku lonse, ndiye chilichonse chimene mwamupaka chimathera m'mimba, ndipo chiwindi chake sichitha kuchotsa mankhwala a mtundu wa Dettol kapena Jeyes Fluid monga chimachitira chathu. Panado nayenso ndi poizoni kwa mphaka, ngakhale mbulu umodzi ukhoza kumupha. Chipere sichipha. Zimene zimapha ndi njira zachidule zoterezi.

Mmene mwafotokozeramu, n'chipere ndithu chimene ndikuchiganizira. Dzina lake la Chingelezi, ringworm, limasocheretsa anthu kuti ndi nyongolotsi, mpaka ena amakagula mankhwala a njoka za m'mimba. Mulibe nyongolotsi mmenemo. Ndi fangasi, wachibale wa nkhungu, yemwe amadya khungu lapamwamba, ubweya ndi zikhadabo. Mwa amphaka, kawirikawiri amakhala wotchedwa Microsporum canis. Akalowa mu ubweya, ubweyawo umafooka n'kuthyoka, ndipo kaubweya kothyokako kamagwa katanyamula njere za fangasi zosaoneka ndi maso. Zikakhudza khungu, pamatenga sabata imodzi mpaka atatu kuti bwalo lioneke. Werengani masiku anu aja, muona kuti akugwirizana. Ana a mphaka ndiwo amagwidwa msanga, makamaka onyentchera ndi okulira m'misika, ndipo kutentha ndi chinyontho cha dzinja lino fangasi amakondwa nazo.

Apongozi anu muwauze mwaulemu kuti kutaya mphaka sikuchotsa matendawa m'nyumba. Njere zija zimatha kukhala ndi moyo kupitirira chaka pa bulangete, pa sofa ndi m'ming'alu ya simenti. Mphaka achoka, ubweya wake utsala. Komanso mukakamusiya kumsika, mawa amutola mwana wa munthu wina.

Tiyambe ndi mwana. Bwalo la pamkono ndi pakhosi limamva mankhwala opaka a clotrimazole kapena miconazole, omwe amapezeka m'mafamase ambiri. Muzipaka kawiri patsiku, pabwalo penipeni ndi kuzungulira m'mbali mwake, kwa masabata awiri mpaka anayi, ndipo mupitirize sabata ina ngakhale khungu litaoneka kuti lasalala. Koma usiku uno mumukhazike pansi pa getsi, mumupatule tsitsi ndi chipeso, muone m'mutu monse. Mukapeza pena pothothoka tsitsi, pokhala ngati pawazidwa phulusa, zopaka sizithandiza chifukwa fangasi walowa mkati mwa tsitsi. Pamenepo mpofunika mankhwala akumwa, monga griseofulvin, kwa masabata 6 mpaka 8, ndipo amenewo akakulembereni ku kiliniki atamuyeza kulemera. Asabwerekane thaulo, chipeso kapena chipewa ndi abale ake, ndipo kometa tsitsi ayambe wapumira, chifukwa makina ometera ndiwo amayendetsa chipere kuchokera mutu uwu kupita mutu uwo.

Ine pano ndinapsapo. Chaka chimene mphaka wanga anadwala, kabwalo kanandituluka pachigongono, ndipo ndinagula kachubu kwa wogulitsa wina wa m'mbali mwa msewu m'tauni, yemwe analumbira kuti kamachiza zapakhungu zonse. Masiku atatu okha kuyabwa kunatheratu, ine n'kumadzitama. Pofika sabata yachitatu bwalo linali litakula ngati pakamwa pa kapu, m'mbali mwake simukuonekanso bwino. Nditawerenga timalemba ta pachubupo ndinapeza kuti munali betamethasone. Mankhwala a mtundu umenewu, pamodzi ndi clobetasol amene amapezeka m'mafuta ena oyeretsa khungu, amaziziritsa kufiira koma fangasi amamusiya akufalikira mwakachetechete. Muziwerenga chubu musanapereke ndalama.

Tsopano mphaka. Mupite naye kwa dokotala wa ziweto. Ngati ndalama yavuta, funsani kaye ku SPCA ya Harare, bungwe loteteza zinyama, kapena ku chipatala cha ziweto cha University of Zimbabwe ku Mount Pleasant kuti mumve mitengo. Musadumphe ulendowu, chifukwa utitiri ndi mphere nazonso zimasosola ubweya. Dokotala amalowa naye m'chipinda chamdima n'kumuunika ndi nyali yapadera, ndipo ubweya wodwala nthawi zambiri umawala mobiriwira. Ukapanda kuwala sizitanthauza kuti ali bwino. Amatha kuzula tiubweya tingapo n'kutimeretsa mu labu, zomwe zimatenga masabata awiri kapena atatu.

Chithandizo chimayenda mbali ziwiri nthawi imodzi. Akumwa amapha fangasi wa mkati mwa ubweya, ndipo odziwika kwambiri ndi itraconazole, 5 mg pa kilogalamu iliyonse, sabata imodzi akumwa, ina akupuma, maulendo atatu. Muyezo wa kamwana kochepa ngati kanuko awerengere dokotala, osati ife. Griseofulvin samupatsa mphaka wa bere chifukwa amapundula ana m'mimba. Mbali yachiwiri ndi kusambitsa thupi lonse kawiri pasabata, kuti njere za pa ubweya zife zisanagwe pansi: shampu wa miconazole ndi chlorhexidine yemwe amakhala pathupi mphindi 10 asanatsukidwe, kapena mankhwala a salufa osungunula m'madzi omwe satsukidwa, amangoumira pomwepo.

Za salufayu ndikuchenjezeni. Amanunkha ngati dzira lovunda, ndipo mphaka wanga woyera anasanduka wachikasu ngati nthochi yakupsa. Mphete yanga ndinaiwala kuvula tsiku loyamba, inada bii. Bambo a kunyumba kuno anadyera panja masiku amenewo. Koma mankhwalawa amagwira ntchito. Muzivala magolovesi, muzimupaka ndi kansalu kumaso mosamala kuti asalowe m'maso, ndipo mumusunge pofunda mpaka aume, poti kamwana kamazizidwa msanga.

Ntchito yolemetsa ili m'nyumba, ndipo ndikudziwa kuti m'mipopi ya ku Mufakose madzi sabwera tsiku lililonse. Choncho chepetsani malo oti muzitsuka. Mphaka akhale chipinda chimodzi cha simenti, chopanda kapeti, agone pa katoni yomwe mungataye ndi nsalu yakale imodzi kapena ziwiri. Ana azikamuona ndi kumusewera naye pang'ono, asakule wolusa, koma atavala zamikono italiitali n'kusamba m'manja ndi sopo potuluka. Tsache louma lisiyeni kaye, limangoulutsa ubweya. Muzitola ubweya ndi nsalu yonyowa, mukolope ndi sopo, kenako mupukute ndi Jik, kapu imodzi m'makapu 10 a madzi, pakhale ponyowa mphindi 10. Jik wothira pamwamba pa fumbi ndi ubweya ndi ndalama yotaya, ndipo musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira. Mphaka abwerere pansi patauma. Mabulangete ndi zovala zimene anagonapo muchape kawiri motsatizana, pazokha. Madzi a pa mjigo mukawasunga, yambani ndi zogonera za mwana.

Ngati m'nyumbamo muli munthu amene chitetezo cha m'thupi chake n'chofooka, kaya wa shuga, wa HIV kapena wokalamba kwambiri, ntchito yosambitsa mphaka isakhale yake. Galu kapena mphaka wina ngati alipo, nayenso akaonedwe, poti ena amanyamula njerezi popanda bala lililonse.

Chimene chimabweza anthu m'mbuyo ndi kusiyira panjira. Pofika sabata yachitatu kapena yachinayi timaubweya tofewa timayamba kumera pabwalo paja, aliyense n'kupuma kuti zatha, mphaka n'kubwerera pa sofa. Ubweya kumera si kuchira. Madokotala amafuna kuyezanso ubweya n'kupeza kuti fangasi sakumeranso asananene kuti wachira, ndipo zonse pamodzi zimatenga masabata 6 kapena kuposerapo. Wanga ndinamutulutsa m'chipinda chake pa sabata ya 8, akadali ndi chikasu kunsonga ya mchira, ndipo usiku womwewo anandisiyira khoswe pakhomo la kukhitchini. Apongozi anu muwapemphe miyezi iwiri yokha.