Kafukufuku wa tinkhanu ta m'madzi amchere si choseweretsa

Wophunzira wina wandilembera kuti: "Ndikufuna kufufuza mmene mchere ndi kutentha kwa madzi zimakhudzira moyo wa tizilombo ting'onoting'ono ta m'nyanja ya mchere, ta m'gulu la nkhanu. Bambo akuti n'zoseweretsa, sizingandipezetse ntchito. Nditani?"

Mutuwo usausiye. Yamba ndi Artemia, kanyama kakang'ono ka m'gulu la nkhanu kokhala m'madzi amchere, chifukwa mazira ake amagulitsidwa ouma, ooneka ngati fumbi lofiirira. Ukawathira m'madzi amchere ofunda madigiri 25 mpaka 28, pakatha maola pafupifupi 24 uona timadontho tikusambira modumphadumpha.

Madzi a m'nyanja zikuluzikulu amakhala ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35 pa lita imodzi. Mchere ukachuluka, madzi amatuluka m'thupi mwa kanyamako. Ukachepa, amalowa n'kukatupitsa. Kulimbana ndi zimenezi kumadya mphamvu. Kutentha nako kumafulumizitsa thupi, ndipo madigiri 10 akawonjezereka kanyamako kamafuna okosijeni wowirikiza pafupifupi kawiri, pomwe madzi ofunda amasunga okosijeni wochepa. Ndiye mchere umene kakanaupirira m'madzi ozizira ungakaphe m'madzi otentha.

Apa m'pamene ambiri amaphonya: amayesa mchere pawokha, kutentha pakokha. Iwe uphatikize. Tenga milingo itatu ya mchere, monga magalamu 15, 35 ndi 70, uliwonse uuyese pa madigiri 20, 25 ndi 30. Mabotolo akwana 9, koma chilichonse ubwereze katatu, akhale 27, chifukwa botolo limodzi likhoza kukunamiza. Ika tinyama 20 m'botolo lililonse, uziwerenga tamoyo tsiku ndi tsiku pa ola lomwelo. Lembanso mzere pamene madzi alekezera. Akaphwera, mchere umatsala n'kuchuluka iwe osadziwa, choncho uzionjezera madzi opanda mchere.

Polemba lipoti usakokomeze. Artemia ndi kankhutukumve, kwawo ndi nyanja zowawa mchere ngati Great Salt Lake ku Utah, m'dziko la America. Zimene kamapirira, tinyama tambiri ta pakati pa nyanja, monga ma copepod, sitingazipirire.

Kwa inu bambo: kumene amaswetsa nsomba za m'nyanja, ana a nsomba amadyetsedwa Artemia yemweyu, ndipo pamafunika munthu woyeza mchere ndi kutentha m'matanki tsiku lililonse. Yunivesite ya Ghent ku Belgium ili ndi labotale yodziwika ndi kafukufuku wa kanyama kameneka. Mwanayu mumulimbikitse pa Biology, Chemistry ndi masamu, makamaka masamu owerengetsera zotsatira za kafukufuku.