Tifunseni: Andilonjeza Ntchito, Koma Akufuna Ndalama Kaye

Funso: Ndalandira imelo yondiuza kuti ndasankhidwa kukagwira ntchito ku United Nations, koma ndiyenera kutumiza K85,000 pa foni pasanathe masiku awiri kuti ndikapimidwe kuchipatala. Kalatayo ili ndi chizindikiro cha bungweli ndipo ikuoneka yeniyeni. Kodi nditumize? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Musatumize ngakhale tambala imodzi. Bungwe la United Nations limanena poyera kuti sililipiritsa munthu pa gawo lililonse la kalembedwe ka ntchito, kaya pofunsira, poyankha mafunso kapena pokonzekera kuyamba ntchitoyo. Dzifunseninso ngati munafunsirako ntchito imeneyi, chifukwa palibe amene amasankhidwa pa mpikisano umene sanalowe nawo.

Chizindikiro chimene chakukopanicho sichitsimikizira kanthu, popeza aliyense angathe kuchikopera pa intaneti n'kuchimata pa kalata yake. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi adiresi ya wotumiza. Pa foni nthawi zambiri pamaoneka dzina lokha, choncho dinani pa dzinalo kuti adiresi yonse ituluke, ndipo muwerenge mosamala mawu amene ali kumanja kwa chizindikiro cha @. Likulu la bungweli limagwiritsa ntchito un.org, ndipo ntchito zake limazilengeza pa careers.un.org, pamene akuba amalemba kuchokera ku gmail.com kapena amasintha chilembo chimodzi, podziwa kuti munthu amene wasangalala sawerenga bwinobwino. Masiku awiri akupatsaniwo ndi msampha wina, cholinga chake n'chakuti musapeze mpata wofunsa anzanu.

Chinyengo chofuna ndalama patsogolo n'chakale, ndipo ambiri amachitchula kuti 419, potengera gawo la malamulo a dziko la Nigeria lokhudza kuba mwachinyengo. Mukalipira koyamba amabweranso ndi ya chitupa choyendera, kenako ya msonkho, mpaka m'thumba mutauma.

Musayankhe kalatayo, musatsegule fayilo iliyonse imene aikamo, ndipo musawapatse chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika kapena nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa ndi zimenezi angathe kubera ena m'dzina lanu. Ngati mwatumiza kale kanthu, imbirani kampani yanu ya foni lero lomwe, musinthe nambala yachinsinsi, ndipo mukanene kupolisi mutatenga imeloyo ndi uthenga wosonyeza kuti munalipira. Kubera anthu pa intaneti ndi mlandu malinga ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo mungathenso kudziwitsa bungwe la MACRA.