Magetsi a kopaletivu ndi otheka, koma mwini wake ndiye amagula batire

Aphwanga a ku Chadiza, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mapolo a magetsi sanafike pamsika wanu, mwatopa n'kudikira, ndipo mwamva kuti kumayiko ena anthu a kumidzi ali ndi kampani ya magetsi yawoyawo. Ndiye mukufunsa ngati nanunso mungapange kopaletivu yotero. Ena pamwambapa akuyankhani kuti malaiti ndi nkhani ya boma, munthu wamba asayerekeze n'komwe. Ine sindikugwirizana nawo. Zimatheka, ndipo zinachitikapo. Koma ndinakhalapo mlembi wa kopaletivu ya alimi kwathu ku Kasenengwa kwa zaka 6, choncho ndiloleni ndikuuzeni zokoma ndi zowawa zomwe.

Zomwe munamvazo n'zoona. Ku America, cha m'ma 1930, pa mafamu 10 alionse ndi famu imodzi yokha yomwe inali ndi magetsi. Makampani ankakana kupita kumidzi chifukwa nyumba zinali patalipatali: waya wautali, mapolo ambirimbiri, ogula ochepa. Mu 1935 pulezidenti Franklin Roosevelt anakhazikitsa bungwe la Rural Electrification Administration, ndipo chaka chotsatira lamulo lolilimbikitsa linadutsa. Alimi anayamba kuyenda khomo ndi khomo kulemba mayina, aliyense n'kupereka madola 5 olowera, ndipo ankalola kuti mapolo adutse m'minda mwawo popanda kulipiritsa. Pofika mu 1953 mafamu oposa 9 pa 10 alionse anali akuwala. Lero makopaletivu amenewa alipo pafupifupi 900 ndipo amapereka magetsi kwa anthu okwana 42 miliyoni.

Pali mfundo imodzi pamenepa imene anthu amailumpha akamafotokoza nkhaniyi. Boma la kumeneko silinawapatse mphatso. Linawabwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja chochepa, ndipo anabweza. Kungoyambira tsiku loyamba munthu aliyense ankadziwa kuti wayayo ndi wake, ngongolenso ndi yake.

Chimene chimasiyanitsa kopaletivu ndi kampani wamba n'chakuti wogula magetsi ndiyenso mwini wake. Voti ndi imodzi pa membala aliyense: wa chigayo ndi agogo a babu limodzi amafanana pamsonkhano. Mamembala ndiwo amasankha komiti, ndipo akhoza kuichotsa. Ndalama zikatsala pakutha kwa chaka sizipita kwa munthu wa ku Lusaka kapena kunja, zimalembedwa pa dzina la membala aliyense molingana ndi magetsi amene anagula, n'kudzabwezedwa thumba likalimba. Ku Bangladesh anatengera njira yomweyi atakhazikitsa bungwe lawo la magetsi a kumidzi mu 1977, ndipo kumeneko kuli mabungwe a ogula magetsi pafupifupi 80. Kwathu kuno ku Zambia chitsanzo chilipo ku Mpanta, m'boma la Samfya, kumene Rural Electrification Authority, nthambi ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, inamanga siteshoni ya sola ya makilowati 60 n'kupereka ntchito yoiyendetsa kwa kopaletivu ya anthu a komweko.

Tsopano tibwere kunyumba. Kuno kum'mawa mawu akuti kopaletivu si achilendo. Makolo athu ankagulitsa nsawa ndi chimanga kudzera m'makopaletivu kale dziko lisanalandire ufulu, ndipo akuluakulu amakumbukira mashedi a Eastern Cooperative Union. Malonda a mbewu atamasulidwa pambuyo pa 1991, makopaletivu ambiri anagwa. Amene anadzabadwa pambuyo pake, ambiri anabadwira fataleza wa FISP, pulogalamu ya boma ya fataleza wotsika mtengo. Tonse tikuwadziwa: amadzuka nthawi yolembetsa mayina, matumba akabwera aliyense anyamula ake, basi chete mpaka chaka chamawa. Sindikunyoza, fataleza ameneyo watidyetsa. Koma tinazolowera kuti kopaletivu ndi khomo lolandirirapo zinthu. Mzimu umenewo mukaulowetsa m'magetsi, mudzawala zaka zochepa kenako mdima udzabwerera, mawaya ali pamwamba pa nyumba zanu.

Ndikunena zimene ndinaziona ndi maso. Kopaletivu yathu inalandira makina oyengera mafuta a mpendadzuwa. Chaka choyamba kunali chimwemwe, saladi tinkagulitsa mpaka kumisika ya kutali. Pamsonkhano wa pachaka mamembala anati phindu lonse tigawane, poti aliyense anali ndi vuto lake, wina fizi ya mwana, wina malata. Ine ndinali ndi cholembera m'manja ndipo sindinatsutse. Chaka chachitatu chitsulo chachikulu cha m'kati chinatha. M'thumba munalibe kanthu. Titayitanitsa msonkho, anthu omwe ankavina pogawana aja anati makinawo ndi a komiti. Mpaka lero ndikadutsa pashedi ija mtima umandipweteka, chifukwa amayi ambiri ankapezerapo sopo. Onaninso zigayo za sola zimene boma linayamba kugawira makopaletivu mu 2015 kudzera ku Zambia Cooperative Federation. Zina zikugayabe, zina zinaima mapanelo ali bwinobwino padzuwa. Mukafunsa pamene zinaima, kawirikawiri nkhani yake imafanana ndi yathuyi.

Pa magetsi a sola, chitsulo chimene chidzathe ndi batire. Mapanelo amakhala zaka 20 kapena kuposa. Mabatire akale a asidi aja amatopa pa zaka 3 mpaka 5, a lithium amatha kufika zaka 10 akasamalidwa, ndipo inveta, makina osandutsa mphamvu ya m'batire kukhala magetsi a m'nyumba, nayo ili ndi tsiku lake. Mabatirewa ndi mbali yodula kwambiri ya siteshoni yonse. Ndiye mtengo wa yuniti usakhale wongokwanira kulipira mlonda ndi mnyamata wokonza mawaya. Pa kwacha iliyonse yolowa, gawo lina lizipita ku akaunti yapadera ya mabatire, imene palibe angaikhudze ngakhale pagwe maliro a wapampando. Zimenezi zilembedwe m'malamulo a kopaletivu poyamba penipeni, anthu asanalawe ndalama. Mukadzafuna kuzilemba pambuyo, mudzakangana.

Apa ndiye pamene ambiri adzakhumudwe, ndipo ndi bwino muwauziretu: yuniti yanu idzakhala yodula kuposa ya ZESCO, kampani ya magetsi ya boma. Magetsi a ZESCO ambiri amachokera kumadamu akuluakulu monga Kariba ndi Kafue Gorge, amene anamangidwa kalekale, ndipo mtengo wake umagawidwa pa anthu a dziko lonse. Inu mudzagawana mtengo wa siteshoni yanu pa makomo 100 kapena 200 okha. Choncho musayerekeze ndi bilu ya mbale wanu wa ku Kapata m'tauni ya Chipata. Yerekezani ndi zomwe mumawononga panopa pa makandulo, mabatire a tochi, kutchajitsa foni pa kantemba, ndi dizilo wa jenereta. Walira mvula walira matope, aphwanga. Ubwino wake ndi wakuti dzuwa silidalira madzi a mu Zambezi. Mu 2024, chilala chitakula mpaka pulezidenti Hakainde Hichilema n'kulengeza kuti ndi tsoka la dziko, a m'tauni ankakhala maola oposa 20 opanda malaiti, pomwe amene anali ndi sola ankawalabe.

China chimene ndikufuna muchiganizire mofatsa ndi ichi: mababu okha sangadyetse kopaletivu. Tiwerengere limodzi. Makomo 100, lililonse mababu atatu a mawati 5, onse pamodzi ndi mawati 1,500 basi. Nsimbi imodzi yositira imadya pafupifupi mawati 1,000, kufanana ndi mababu 200. Mota ya chigayo chimodzi imaposa mudzi wonsewo kangapo. Ndiponso mababu amayaka usiku, nthawi imene magetsi akuchokera m'batire lodula lija, pomwe masana mapanelo akutulutsa mphamvu yambiri popanda woigwiritsa ntchito. Amene adzasunge kopaletivu yanu ndi ogula a masana: chigayo, makina oyengera mafuta, owotcherera zitsulo, ometa tsitsi, mafiriji a m'mashopu, pampu yothirira dimba. Musanapite kwa wogulitsa mapanelo, khalani pansi ndi eni zigayo za dizilo. Muwafunse amagaya mabigili angati patsiku, amagula malita angati pa sabata, ndipo angavomere kugaya kuyambira cha m'ma 9 koloko m'mawa mpaka 15 koloko. Iwowo akalowa ngati mamembala, mwapeza msana. Akakana, chepetsani maloto, mwina sola ya pakhomo ndi pakhomo ingakuthandizeni bwino kuposa kukoka mawaya.

Kumbukiraninso kalendala yathu. Ndalama kumudzi zimaoneka June mpaka September, anthu akagulitsa soya, nsawa ndi chimanga. January ndi February m'matumba mumakhala mphepo, komanso ndi nthawi ya mitambo, mapanelo amafooka. Thumba lanu liyenera kudutsa miyezi imeneyo osagwa.

Za kalipiridwe ndinene mwachidule: ikani mamita olipiriratu, munthu azigula mayuniti pafoni. Zoti aliyense azipereka ndalama yofanana pamwezi zimabala mkangano, chifukwa wina adzalumikiza sitovu mobisa batire n'kutha pakati pa usiku, onse mdima. Zoti msungichuma aziyenda ndi kabuku kutolera ndalama ndiye ayi. Adzafika pakhomo pa apongozi ake, kapena pa anyakwawa, adzalephera kudula waya. Mita ilibe chibale. Komanso ndalama zikamalowa kubanki osadutsa m'thumba la munthu, mwamuteteza msungichumayo ku mayesero ndi ku miseche yomwe. Anthu osayinira potapa ndalama akhale atatu, ndipo mmodzi akhale mayi. Taona m'magulu a banki ya m'mudzi momwe amayi amasungira bokosi, makiyi atatu kwa anthu atatu, kuwerenga ndalama pamaso pa onse. Kopaletivu ya magetsi itengere pamenepo. Mwezi uliwonse pepala la zolowa ndi zotuluka likhomedwe pakhoma pamsika.

Mwafunsanso ngati zimenezi zingathandize dera lonse kapena okhawo a mashopu. Apa ndiye pali kukoma kwa kukhala eni ake. Kampani imayang'ana amene angalipire. Mamembala angathe kugwirizana pamsonkhano kuti chipinda chochiriramo amayi pa kiliniki chisazime, firiji ya katemera izilandira magetsi poyamba, kalasi imodzi pasukulu iziyaka madzulo kuti ana okonzekera mayeso aziwerenga, ndipo mtengo wa zimenezi n'kuugawana mwadala, aliyense akudziwa. Ndinaperekezapo mlongo wanga kukachira usiku, anamwino akugwira ntchito foni ili kukamwa kuti iwaunikire. Chifukwa cha usiku umenewo nkhani ya magetsi sindiitenga mopepuka. Ndiponso achinyamata awiri kapena atatu a pamudzi akaphunzitsidwa kukonza mawaya ndi kusamala mabatire, ntchitoyo ndi malipiro ake zimatsala pakhomo. Kuba mawaya nakonso kumachepa, poti wakubayo amadziwa kuti akubera amalume ake.

Za mapepala: kopaletivu imalembetsedwa pansi pa lamulo la makopaletivu la 1998, ndipo anthu 10 akwana kuyamba. Ofesala wa makopaletivu kuboma adzakuthandizani kulemba malamulo anu. Kugulitsa magetsi kwa anthu kumayang'aniridwa ndi Energy Regulation Board, choncho alembereni kalata musanagule kanthu, akuuzeni zofunika pa kukula kwa siteshoni yanu. Lemberaninso a Rural Electrification Authority, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003 kuti afikitse magetsi kumidzi, muwafunse ngati dera lanu lili pa ndondomeko yolandira mapolo posachedwa. Funso limeneli n'lofunika kwambiri. Mukatenga ngongole lero, mawaya a ZESCO n'kufika chaka chamawa ndi mtengo wotsika, mamembala adzathawa ngongole n'kutsalira komiti. Malo omangapo siteshoni mukapemphe kwa amfumu, ndipo chilolezocho chikhale cholembedwa m'dzina la kopaletivu, osati la wapampando.

Ndalama zoyambira sizingachoke m'masheya anu okha. CDF, ndalama za boma za chitukuko cha dera la phungu aliyense, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo makopaletivu amaloledwa kupempha kudzera ku komiti ya chitukuko ya wadi. Pemphani, si manyazi. Koma ndikupemphani kuti ngakhale mutapeza thandizo lokwanira zonse, membala aliyense aikepo yake, kaya ndi thumba limodzi la soya. Ife makina aja tinangolandira, n'chifukwa chake atawonongeka aliyense anayang'ana kumbali.

Musanayitanitse msonkhano waukulu, tumani anthu atatu akaone ndi maso. Ku Chitandika, m'boma la Chipangali, kuli siteshoni ya sola imene kampani ya ENGIE inatsegula mu 2019, ndipo ku Sinda kulinso ina ya Muhanya Solar. Si makopaletivu, koma mukaona mamita, mabatire ndi kakokedwe ka mawaya, ndipo mukacheza ndi ogula enieniwo, osati oyang'anira okha. Mukawafunse amalipira zingati pamwezi, ndi chiyani chimene saloledwa kulumikiza, ndiponso zimakhala bwanji mu February. Pobwerako, tengani kope muyende pamsika wanu wonse, shopu ndi shopu, khomo ndi khomo, mulembe chimene aliyense akufuna kuyatsa, nthawi yanji, ndi zimene amawononga panopa. Mukamaliza ikani manambalawo muno m'gulu, ine ndidzakuthandizani kuwerengera, ndipo malamulo akale a kopaletivu yathu ndikadali nawo m'bokosi ngati mungafune kuona pamene tinasiya mpata.