Kodi Ana Tiziwauza za Napolo?

Mayi wina amene akukhala ku Leeds wandilembera imelo yofunsa ngati n'koyenera kufotokozera ana ake za napolo. Mwana wake wamkulu wapatsidwa ntchito kusukulu yolemba za zilombo za m'nthano za mitundu ya anthu, ndipo mayiyu akuzengereza poopa kuti aphunzitsa mwana zabodza ndi kumuika mantha opanda pake.

Amayi, funso lanuli landikhudza chifukwa ine ndinakulira m'dera la Phalombe, m'manja mwa agogo anga aakazi amene ankakamba za napolo mosaseka ngakhale pang'ono. Iwo ankati napolo ndi chinjoka chachikulu chokhala pansi pa phiri, ndipo chikafuna kusamukira kunyanja chimatsika ndi madzi, matope, miyala ndi mitengo, osasiya kanthu m'njira yake. Ankatiuza za Zomba mu Disembala 1946, pamene madzi ochokera m'phiri anakokolola milatho ndi kupha anthu. Koma nthanoyo sinkathera pa chinjoka. Inali ndi malamulo ake: musamange nyumba pamene khwawa likutulukira m'phiri, mvula ikagwa masiku otsatizana osakata musagone tulo tofa nato, ndipo mukamva phiri likulindima thawirani kumtunda, osati kutsata mtsinje. Kusukulu mphunzitsi wathu ankati zonsezi ndi umbuli wa anthu akale, ndipo ife ana tinkabwera kunyumba n'kumawatsutsa agogo, iwo n'kumangotiyang'ana. Mu Marichi 1991 phiri la Michesi linagumuka ndipo anthu mazanamazana anafa ku Phalombe. Miyala ikuluikulu imene inatsika nthawi imeneyo inatsata makwawa omwe aja agogo ankatiletsa. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zofanana ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, kumene nyumba zinali zitakwera m'malo amene akale sakanalola.

Akatswiri a za nthaka amafotokoza kuti dothi la pamalo otsetsereka likakhuta madzi limalemera n'kuleka kugwirana ndi thanthwe la pansi pake, makamaka ngati mitengo inadulidwa. Ine ndimavomereza kufotokoza kumeneku ndi mtima wonse. Chimene ndimakana ndi maganizo akuti agogo analibe nzeru, pakuti iwo ankadziwa malo, nyengo ndi zizindikiro, ndipo anaziika m'thupi la chinjoka kuti mwana wa zaka 6 asaiwale. Munthu amene amaseka napolo koma n'kumanga nyumba m'khwawa ndiye mbuli yeniyeni.

Mitundu ina inachitanso chimodzimodzi. Ku Japan, dziko la zivomezi, ankakamba za Namazu, mlamba waukulu wokhala pansi pa dziko, umene mulungu wotchedwa Kashima amaupsinja ndi mwala. Mulunguyo akangotayirira, mlambawo umaphiriphitha ndipo dziko limagwedezeka. Chivomezi chitasakaza mzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, mu 1855, anthu anasindikiza ndi kugula zithunzi zambiri za mlambawu, zina zouonetsa ukumenyedwa ndi anthu okwiya, zina zoseka amisiri omanga nyumba amene analemera chifukwa cha ngoziyo. Ku Japan komweko kuli kappa, kachilombo ka m'mitsinje kokhala ndi kambale ka madzi pamutu, kamene amati kamakokera ana pansi pa madzi, ndipo mpaka lero chithunzi chake chimaikidwa pa zikwangwani zina zochenjeza ana pafupi ndi maiwe. Ngakhale ku England kumene mukukhalako, makolo a ku Lancashire ankaopseza ana ndi Jenny Greenteeth, nkhalamba ya mano obiriwira yobisala m'maiwe okutidwa ndi zomera, amene mwana angawayese udzu n'kupondapo. Choncho aphunzitsi a mwana wanu sadzadabwa ndi napolo ngati amadziwa nthano za kwawo.

Nkhani imene imandipweteka kwambiri ndi ya Nyaminyami, wa mutu wa nsomba ndi thupi la njoka, amene Atonga a m'chigwa cha Zambezi amamulemekeza ngati mwini mtsinje. Pamene damu la Kariba linkamangidwa, kuyambira 1955 mpaka 1959, anthu pafupifupi 57,000 anasamutsidwa kuchoka m'minda ndi pamanda a makolo awo. Madzi osefukira a mu 1957 ndi 1958 ataononga zina mwa zomangidwazo, Atonga anati Nyaminyami wakwiya chifukwa khomalo lamulekanitsa ndi mkazi wake. Anthu amene sanafunsidwe maganizo awo anapeza njira yonenera chisoni chawo kudzera mwa iye. Lero alendo amagula ndodo zosemedwa m'chifanizo chake ku Kariba, ndipo ndimakayika ngati ogulawo amauzidwa za kusamutsidwako.

Komabe pali malire amene sindingawadumphe. Chilombo chikakhala m'phiri kapena m'dziwe chimateteza anthu, koma chikapatsidwa nkhope ya munthu wamoyo chimapha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu pongowaganizira kuti amapopa magazi, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Zoterezi sindizitcha nthano ayi, ndipo sindifuna kuti mwana aliyense azimve ngati zosangalatsa. Chimodzimodzinso kuloza nkhalamba chala kuti ndi mfiti. Anthu ena amasakaniza zonsezi m'thumba limodzi, n'kumati popeza anamapopa ndi bodza loopsa ndiye kuti napolo nayenso atayidwe, ndipo pamenepo ndi pamene timataya chinthu cha mtengo wapatali chifukwa cha ulesi wosafuna kusiyanitsa.

Tsono muwauze chiyani?

Auzeni za napolo, amayi. Yambani ndi "padangokhala" kuti iwo ayankhe "tili tonse", ndipo adzadziwa okha kuti alowa m'nthano. Mukamaliza, aonetseni Zomba, Michesi ndi Soche pa mapu, ndipo muwafotokozere mmene mvula imagumulira phiri. Wamng'onoyo ngati ndi wamantha, mukambireni masana osati pogona. Wamkuluyo alembe za napolo pamodzi ndi Namazu, ndipo ngati kumudzi kudakali wachikulire amene anaona za mu 1991, amuimbire foni kuti amve kuchokera pakamwa pake.