Nkhani ya Apuritani ndi nkhondo ya ufulu ya ku America: uyigwire potani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa chaka chachiwiri ku yunivesite, yemwe akuphunzira zauphunzitsi ndipo anasankha phunziro la mbiri. Wapatsidwa ntchito yolemba za moyo wa m'madera a Angelezi ku America kuyambira pofika Apuritani mpaka pobuka nkhondo ya ufulu. Akuti zaka ndi mayina zamuchulukira, mutu sukugwira, komanso bambo ake akumufunsa ngati mbiri ya azungu idzamudyetse.

Mwana wanga, vuto lako ndaliona. Ukuloweza zaka chimodzichimodzi chifukwa sunapeze funso lomwe zakazo zikuyankha. Funsolo ndi ili: zinatheka bwanji kuti anthu amene ankadzitcha Angelezi ndi kunyadira mfumu yawo afike poitukulira mfuti? Chilichonse chomwe ulembe chiyankhe funso limeneli. Chomwe sichikuyankha, chisiye.

Yamba ndi kusiyanitsa magulu awiri omwe ophunzira ambiri amawasakaniza. Anthu 102 amene anafika ku Plymouth mu 1620 pa sitima ya Mayflower ankatsogoleredwa ndi kagulu komwe kanatulukiratu mu mpingo wa Church of England. Pafupifupi theka la iwo anamwalira m'nyengo yozizira yoyamba, ndipo otsalawo anapulumuka chifukwa cha eni dziko a mtundu wa Wampanoag, makamaka Tisquantum, yemwe anawaphunzitsa kulima chimanga. Gulu lalikulu linabwera mu 1630 ndi John Winthrop, n'kukhazikitsa Boston. Awa ndiwo Apuritani: sankafuna kuusiya mpingowo, ankafuna kuuyeretsa. M'zaka khumi zotsatira anthu pafupifupi 20,000 anawoloka nyanja kupita ku New England, chigawo chomwe muli Plymouth ndi Boston.

Apa ndi pomwe ndikufuna ukhalitse. Tauni ya Apuritani inkamangidwa mozungulira nyumba imodzi. Lamulungu anthu ankakhala m'menemo maola ambiri pa mabenchi olimba, mopanda moto ngakhale kunja kuli chisanu choopsa, kumvera ulaliki wam'mawa ndi wamasana. Tsiku lina amuna omwewo ankakumana m'nyumba yomweyo kusankha atsogoleri, kugawa minda, kugwirizana za msonkho ndi kukonza msewu. Mwana wamwamuna wobadwira kumeneko ankakula akuona bambo ake akukweza dzanja pa nkhani ya msonkho. Apuritani ankafunanso kuti aliyense aziwerenga yekha Baibulo, n'chifukwa chake anatsegula koleji ya Harvard mu 1636, ndipo mu 1647 dera lawo la Massachusetts linalamula tauni iliyonse ya mabanja 50 kulemba mphunzitsi. Anthu odziwa kuwerenga ndiponso ozolowera kuvota sachedwa kufunsa mafunso.

Koma usawapake mafuta. Ufulu wachipembedzo womwe ankaufuna unali wawo okha. Roger Williams anathamangitsidwa n'kukayambitsa Providence mu 1636, Anne Hutchinson naye anapirikitsidwa mu 1638 chifukwa chotsutsa abusa, ndipo ku Salem mu 1692 anthu 19 ananyongedwa powaganizira za ufiti. Ngakhale Khirisimasi anailetsa ku Massachusetts kuyambira 1659 mpaka 1681. Eni dzikowo ndi amene anaona zakuda. Mu 1637 mudzi wa mtundu wa Pequot ku Mystic unatenthedwa ndi Angelezi, anthu mazana angapo n'kufera momwemo. Metacom, yemwe anatsogolera eni dziko pa nkhondo yolimbana ndi Angelezi ya 1675 mpaka 1676, anali mwana wa Massasoit, mfumu yomwe inalandira anthu a pa Mayflower. Mfundo imeneyi uyiike m'nkhani yako, imanena zambiri m'mawu ochepa.

Kummwera moyo unali wina. Jamestown ku Virginia inayamba mu 1607, Apuritani asanafike, ndipo omwe anaitsegula ankafuna phindu. Chomwe chinaipulumutsa ndi fodya, moti nthawi zina msonkho ndi malipiro a abusa zinkaperekedwa ndi fodya yemweyo. Iwe wakula m'dziko la fodya, ukudziwa manja omwe mbewu imeneyi imafuna kuyambira ku nazale mpaka kuchigafa. Poyamba ankalima ndi azungu osauka omwe ankagwira ntchito zaka zingapo pobweza ndalama ya ulendo, kenako eni minda anatembenukira kwa akapolo ochokera ku Africa. Chaka cha 1619 chili ndi zinthu ziwiri: nyumba yoyamba ya malamulo yosankhidwa ndi anthu ku Virginia, ndi kufika kwa Aafirika oyamba ogulitsidwa kumeneko. Lamulo la 1662 linati mwana atenge ukapolo kwa mayi ake. Pofika 1775, mwa anthu pafupifupi 2.5 miliyoni a m'madera 13 a Angelezi, mmodzi mwa asanu aliwonse anali kapolo.

Ukamanga maziko amenewa, zotsalazo zimangoyenda zokha. Kwa zaka zoposa 100 London inkawasiya anthuwa kuti adziyendetsere zambiri, ndipo malamulo a zamalonda ankazembedwa poyera. Nkhondo yolimbana ndi France itatha mu 1763, Britain inatsala ndi ngongole yaikulu. Inaletsa anthu kukatenga malo kumadzulo kwa mapiri a Appalachian, kenako mu 1765 inaika msonkho pa nyuzipepala, zikalata za kukhoti, makadi a njuga, ngakhale satifiketi ya kukoleji. Ndalamayo siinali yochuluka. Chomwe chinawawa n'chakuti msonkhowo unachokera ku nyumba ya malamulo komwe iwo analibe phungu ngakhale mmodzi, pomwe agogo awo ankadzivotera okha misonkho. Mu 1770 asilikali anapha anthu asanu ku Boston, mu Disembala 1773 mabokosi 342 a tiyi anaponyedwa m'nyanja, Britain inatseka doko la Boston mu 1774, mfuti zinalira ku Lexington ndi Concord mu Epulo 1775, ndipo pa 4 Julaye 1776 analengeza ufulu.

Chenjera ndi msampha umodzi womwe ophunzira athu amakodwamo. Usalembe ngati nkhondo imeneyi ikufanana ndi momwe Nyasaland inapezera ufulu mu 1964. Ku America amene anaukira mfumu anali obwera omwewo, osati eni nthaka, ndipo mitundu ingapo ya eni nthaka pamodzi ndi akapolo zikwizikwi inakhala mbali ya Britain. Ngati ukufuna kuyerekeza ndi kuno kwathu, yang'ana Rhodesia mu 1965, pomwe boma la Ian Smith linadzilengezera ufulu ndi chikalata chomwe mawu ake oyamba anatsanzira cha ku America chija. Ndime imodzi yokha yofotokoza kufanana ndi kusiyana kwake idzaonetsa mphunzitsi wako kuti waganiza wekha.

Pa kalembedwe, sankha zaka zosapitirira khumi ndipo chilichonse chikhale ndi ntchito yake. Werenga zikalata zenizeni ziwiri kapena zitatu. Pangano la pa Mayflower, lomwe amuna a pa sitimayo anasaina pogwirizana za kudzilamulira, ndi lalifupi, silidzaza tsamba, ndipo likupezeka ulere pa intaneti limodzi ndi chikalata cha 1776. Pa chikalata chilichonse dzifunse kuti walemba ndani, akulembera yani, ndipo sanatchulidwe ndani. Usakopere za pa intaneti. Kukopera kumalepheretsa anthu kosi yonse.

Tsopano kwa inu bambo, funso lanu ndi lachilungamo ndipo ndikuyankhani mosabisa. Palibe ofesi yomwe idzalembe mwana wanu ntchito chifukwa chodziwa John Winthrop. Ntchito za ku National Archives ku Zomba kapena kumyuziyamu ya ku Chichiri zilipo koma n'zochepa kwambiri. Njira yake yaikulu ndi uphunzitsi wa kusekondale, ndipo digiri yake ndi yomweyo. Chomwe ntchito ngati iyi ikumupatsa ndi luso lowerenga chikalata, kuona chomwe chabisika, ndi kulemba mfundo yokhala ndi umboni. Luso limeneli ndi lomwe amafuna kwa atolankhani, ochita kafukufuku m'mabungwe, ndi ofuna kudzaphunzira zamalamulo. Mulimbikitseni akhoze bwino phunziro lake lachiwiri lophunzitsa, aphunzire kompyuta, ndipo patchuthi akadzipereke kuphunzitsa pa sukulu yapafupi kuti akhale ndi cholemba pa CV.

Iwe mwana wanga, lemba kaye yankho la funso lija m'ziganizo zitatu, upite nalo kwa mphunzitsi wako sabata ino, akakuvomereza ndiye uyambe nkhani yonse.